Kabakha ka m'ngalande ya ku Chikanda

Achemwali anga, lero ndakumana ndi bakha akuwoloka msewu ndi tiana take, ndipo ndaseka ndekha ngati wamisala. Ndakumbuka tsiku lija munabwera kunyumba mvula itangokata, mutafumbata kabakha m'chitenje. Munakatola m'ngalande kakunjenjemera. Ine ndinati sikafika mawa, inu munati, "Iwe, khala chete, bweretsa mbaula." Munakawothetsa moto, n'kukapondera bonya m'madeya onyowa, kenako n'kukalowetsa pansi pa nkhuku yathu ya anapiye ija. Nkhukuyo inakalandira ngati kake. Ndiye tsiku lina tikuchapa, kabakha kanadumphira m'beseni n'kuyamba kusambira. Nkhuku inazungulira beseni ikulira, nthenga zili nyankhalala, poganiza kuti mwana akumira. Inu munagwa pansi ndi phwete: "Mayi, mtima m'malo! Mwanayu kwawo n'kumadzi!"

Abiti Saidi, aneba a kumtunda aja, atamva anabwera kudzati kabakhako n'kawo. Ine ndinakwiya, ndinafuna tikane. Inu munangokapereka, n'kukamangira madeya m'kapepala, mumvekere, "Mlendo sapita opanda kamba. Ife timangosunga, mwini wake wafika." Achemwali, mawu amenewo ndawamvetsa tsopano. Nafenso timangokusungani, kungoti Mwini wake anafika msanga. Pumulani bwino komweko. Koma mukatiwona tikuzungulirabe beseni tikulira, tisekeni ndithu monga munasekera nkhuku ija.