Laputopu ya ba Philomena

Fanwell ndi mwana wa kalipentala wa ku Kalingalinga. Atate ake anachokera ku Katete ndi sowo imodzi, nakhoma mabedi ndi mipando m'mphepete mwa msewu mpaka maso anachita chidima. Ankafuna kuti mwana atenge pulena, koma mwanayo mtima unali pa makompyuta. Anaphunzira movutikira, ndipo mu 2011 anapeza ntchito pa kampani yogulitsa zipangizo za kumigodi. Ofesi yonse, anthu makumi anayi, kompyuta ikangonyanyala ankaitana iyeyo.

Munthu wake sanali woipa, ayi. Vuto lake linali kukonda kutamidwa. M'mawa uliwonse ankawerenga nkhani ndi malangizo a akatswiri a makompyuta a m'makampani akuluakulu akunja, ndipo chilichonse chatsopano ankathamanga nacho kwa ba Kapambwe, abwana a pa ofesipo. Tsiku lina anawerenga kuti wantchito akachotsedwa, pasiwedi yake izitsekedwa nthawi yomweyo, ndipo laputopu yake izidzifufuta yokha kuti zinsinsi za kampani zisatuluke. Anazikonza, nawonjezeranso zake: aliyense wokopera zinthu pa fulashi, dzina lake lizipita kwa abwana. Ba Kapambwe anamuyamikira pamaso pa anthu, iye mapewa m'mwamba sabata yonse.

Pa ofesi yomweyo panali ba Philomena a ku Mtendere, mayi wamasiye wolemba makalata a katundu. Amuna awo, ba Chibwe, atate a mwana wawo Christine, anamwalira mu 2013. Maliro atangotha, mayiwa anabwera kwa Fanwell ndi foni yong'aluka galasi. M'menemo munali zithunzi za malemu ndi kavidiyo kamodzi, ba Chibwe akuyimba m'kwaya ya kutchalitchi.

"Foni iyi izafa manje manje," anatero ba Philomena. "Nichite bwanji, mwana wanga?"

"Tiike mu laputopu yanu ya nchito, amai," anayankha Fanwell. "Mulibe chamene chingasobe muja. Nine nisunga."

Anakopera zonse. Patapita miyezi iwiri, foni ija anawabera pokwera minibasi m'tauni. Choncho ba Chibwe anatsala m'laputopu ya kampani basi, kwina kulikonse kunalibe.

Kenako chinafika chaka cha 2015. Mtengo wa kopa wa m'migodi unagwa, kwacha inatsatira, magetsi akuzima maola asanu ndi atatu pa tsiku. Migodi inasiya kugula. Malo osungira mafayilo pa intaneti ankalipiridwa ndi madola, ndiye kampani inawachepetsa, n'kutsala a zantchito okhaokha. Fanwell ndi ba Philomena anasiya minibasi, nayamba kuyendera limodzi wapansi. Mayiwa ankadutsira pa Kalingalinga n'kumuitana pa geti.

Lachitatu lina ba Kapambwe anamuitana, natseka chitseko, namupatsa pepala la mayina khumi ndi limodzi.

"Aba bachoka pa Chisanu," anatero abwanawo. "Uvale ma akaunti yabo na ma eiti. Ikamveka panja, nizaziba kuti ndiwe, chifukwa tiziba tili babili chabe." Kuvala kumeneko kunali kutseka, eiti koloko m'mawa.

Dzina lachisanu ndi chimodzi linali la ba Philomena.

Ndiyo ntchito ya munthu wa makompyuta imeneyo: amadziwa maliro mwini wake akadali kuseka. Fanwell anaganiza za zithunzi zija asanatuluke n'komwe m'chipindamo. Njira zinalipo, ndipo zosavuta. Akanatha kuwanong'oneza mayiwo kuti achotse zawo. Akanatha kukopera yekha, ntchito ya mphindi zisanu. Koma msampha wa fulashi uja anautchera yekha, ndipo ukanalemba dzina lake pambali pa dzina la munthu wa papepala. Kuuchotsa kaye, abwana akanaonanso. Kunyumba anali ndi mkazi woyembekezera ndi atate osaona. Anachita mantha, tinene zoona, mantha enieni a munthu amene waona mayina khumi ndi limodzi nadziwa kuti pansi pa pepala patsala malo.

Lachinayi anayenda limodzi monga mwa masiku onse. Ba Philomena ankadandaula za mtengo wa makala. Fanwell ankangoti inde, inde. Pofika pa geti la kampani anadziuza kuti mawa alawirira, akopera anthu asanafike, zikavuta adzanena kuti ankayesa makina.

Zengerezu analinda kwawukwawu. Lachisanu analawiriradi, koma anapeza ba Kapambwe atafika kale, ataima pa desiki yake, makiyi a galimoto m'manja.

"Wachita bwino kufika. Chita manje, tisayembekeze ma eiti."

Apa ndiye pamene pamamuwawa Fanwell mpaka lero. Akanangoti, bwana, dikirani pang'ono, muli zithunzi za malemu. Ba Kapambwe sanali chilombo, mwina akanalola. Koma anatsegula mndandanda, nayamba kudina dzina ndi dzina, abwana akupumira pakhosi pake. Pa lachisanu ndi chimodzi chala chinaima kanthawi, kenako chinadina.

Ba Philomena anafika, natsegula laputopu, koma inawaonetsa mdima wokhawokha. Anakweza dzanja monga ankachitira nthawi zonse.

"Ba Fanwell, yanikana futi iyi. Bwelani muone."

Ndipo munthuyu anapitadi! Anagwada pansi pa desiki n'kumagwiragwira mawaya, kunamizira kufufuza, laputopu ikudzifufuta pamwamba pa mutu wake. Mayiwo anamupepesa kuti amuvutitsa m'mamawa. Fanwell anali akadali pansi pomwepo pamene mlembi wa abwana anabwera kudzawaitana.

Loweruka lonse Fanwell anayesa kubweza mafayilo ndi nzeru zonse zimene ankadziwa. Palibe chinatuluka. Ntchito yake anaigwira bwino kwambiri.

Lamulungu masana ba Philomena anafika kunyumba kwake atavala za kutchalitchi. Analonjera atate ake mwaulemu, nakhala pa benchi pakati pa matabwa akale. Kenako anatulutsa fulashi yatsopano, ikadali m'pepala lake.

"Sinabwelele va nchito," anatero. "Nchito ni ya bene. Nifuna chabe vithunzi va batate bake Christine. Munifakile umu."

Fanwell anaona bodza lili pafupi: akanatha kulandira fulashiyo n'kunena kuti ayesa. Koma anali atatopa nako kugwada pansi pa madesiki. Anawauza zonse: za pepala, za Lachitatu, za lamulo lofufuta limene analibweretsa yekha, za mphindi zisanu zimene anaziopa. Sanabise kanthu, ndipo polankhula misozi inkagwera pa malaya.

Ankayembekezera kutukwanidwa, ndipo ankakufuna. Mayiwo ankangotembenuza fulashi ija m'manja. Kuseri kwa mpanda wina ankawotcherera geti.

"Palibe olo chimozi?"

"Palibe, amai."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anasendera pafupi, nalankhula motsitsa mawu ngati akupempha mchere kwa mnansi.

"Imwe munaiona vidiyo ija pamene munali kukopa. Banaimilila kuti, kumanja olo kumanzele? Banavala shati yabwanji? Nayamba kuibala, mwana wanga. Niuzeni chabe vamene munaona."

Fanwell anafufuza m'mutu mwake, nafufuzanso. Ankakumbukira mtundu wa foni, kukula kwa mafayilo, ngakhale dzina limene anapatsa foda. Koma vidiyoyo sanaitsegule n'komwe. Tsiku lija maso ake anali pa kamzere kosonyeza kuti kukopera kwatsala pang'ono kutha.

"Sininaone, amai," anatero.

Ba Philomena anaimirira, nakonza chitenje, natsanzikana ndi atate ake. Fanwell anati awaperekeze, iwo anakana ndi dzanja.

Pa kampani paja Fanwell akugwirabe ntchito, ndipo anamukweza. Akalandira wantchito watsopano, asanamupatse n'komwe pasiwedi, amamuuza mwaukali wodabwitsa kuti asayerekeze kusunga za kunyumba m'kompyuta ya kampani. Atsopanowo amangoti ndi munthu wovuta. Ba Philomena amagulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, ku Mtendere, ndipo akakumana amamuyankha moni bwinobwino, n'kufunsa za mwana. Sanamukalipirepo ngakhale tsiku limodzi.