Rufina, Wofufuza Tulo ta Oyendetsa Ndege

Pa maliro a bambo ake a Rufina panabwera anthu ochepa. Ambiri a ku Domwe anali ku maliro ena a tsiku lomwelo, a anthu amene anafera m'lole imene bambo akewo ankayendetsa.

Bambowo, a Martinho, ankanyamula mbatatesi kupita nayo ku Tete, eni katundu atakwera pamwamba pa matumba. Tsiku la ngoziyo, dzuwa likuswa mtengo, loleyo inasiya msewu pamtsetse n'kugubudukira kuphedi. Opulumuka anati dalaivala anawodzera. Ena anawonjezera kuti anali ataledzera, chonsecho mudzi wonse unkadziwa kuti a Martinho sankalawa mowa.

Rufina anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Dzina lake linasowa, anangokhala mwana wa munthu uja anapha anthu. Akakhala pa benchi m'tchalitchi, ena ankasendera kutali. Mayi ake, a Anastácia, anasiya kuyenda ndi amayi anzawo. Chakudya chitavuta, Rufina anasiya sukulu n'kuyamba kugulitsa mbatatesi yokazinga pa Kalomwe, pamalire a dziko, pakati pa malole ndi osintha ndalama.

Kumeneko ankaona madalaivala a maso ofiira akuthira madzi kumaso, n'kukweranso. Tsiku lina mmodzi wa iwo, a Jacinto, anamuyang'anitsitsa n'kumufunsa ngati anali mwana wa Martinho. Rufina anawerama, akudikira chipongwe.

“Bambo ako anali atangofika kuchokera ku Tete, ndipo anapempha kuti agoneko kaye,” anatero a Jacinto. “Mwini lole anawauza kuti akagona, podzuka apeza wina ali pa chiwongolero. Ine ndinalipo.”

Rufina anapita kukawauza mayi ake, mtima uli m'mwamba. A Anastácia sanasiye kupeta chimanga. Anangoti ankadziwa kale, koma panalibe amene akanamvera mkazi wa munthu wotere.

Mawu amenewo anamupweteka kuposa chipongwe chonse. Anaganiza zobwerera ku sukulu, ngakhale sankadziwa kuti sukuluyo imufikitsa kuti. Pulofesora Hortência, aphunzitsi a ku Fonte Boa, anamulandira m'nyumba mwawo kuti azilima dimba lawo madzulo n'kumaphunzira m'mawa. M'kalasi anali wamkulu kuposa onse. Mayeso omaliza analephera. Analira, anabwereza, ndipo chaka chotsatira anakhoza n'kupita ku Maputo kukaphunzira za maganizo a anthu.

Tsiku lina mphunzitsi wawo ankafotokoza za ngozi ya ndege imene inachitika kudziko lakutali. Anamaliza ndi mawu oti woyendetsa ndiye analakwitsa, n'kufuna kupitirira. Rufina, amene sankalankhulalankhula m'kalasi, anakweza dzanja.

“Nanga analakwitsa chifukwa chiyani? Anagona liti komaliza?”

Ena anaseka. Koma mphunzitsiyo anamuitana pambuyo pake n'kumuuza kuti pali anthu amene moyo wawo wonse amafufuza funso limenelo: chimene chimachititsa munthu wodziwa ntchito yake kulakwitsa, ndi mmene ntchitoyo ingakonzedwere kuti kulakwitsako kusaphe anthu. Anati kafukufuku wotere ndi wozama kwambiri pa nkhani za ndege. Nthawi imeneyo Rufina anali asanakwerepo ndege.

Rufina anasankha kafukufuku ameneyu, koma ntchitoyo sinayambe bwino. Ankapita ku bwalo la ndege kukacheza ndi oyendetsa, amakaniko, ndi aja amakhala m'nsanja kulondolera ndege zikamatera. Onse ankamuyesa kazitape wa mabwana. Akalowa, nkhani zinkaduka. Iye ankabwerabe, kukhala nawo, kudya nawo, osatchula dzina la munthu aliyense kwa akuluakulu. Pang'onopang'ono anayamba kumasuka. Anamuuza za maulendo otsatizana opanda mpumulo, ndiponso za mantha awo oti akanena kuti atopa, ntchito iwathera.

Zimene anapeza anazipereka ku kampani ina ya ndege. Akuluakulu anamuthokoza mwaulemu n'kuziiwala. Anasonkhanitsa umboni wina n'kubwereranso. Patapita zaka, kampaniyo inasintha kagawidwe ka maulendo, ndipo inalola kuti woyendetsa wotopa azinena popanda kulangidwa.

Kenako anapeza mwayi wokachita udotolo wa kafukufuku ku Portugal. Ali komweko, a Anastácia anadwala. Rufina anafuna kubwerera, koma mayiwo anamukaniza pa foni.

“Ukabwera kuno udzandichiritsa? Maliza chimene unapitira, mwana wanga.”

Anamvera. Mayi ake anamwalira mvula itangoyamba, ndipo pamene Rufina ankafika ku Domwe, pamtumbira panali patamera kale udzu. Anakhala pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi. Kwa milungu ingapo sanatsegule buku, ndipo anauza Pulofesora Hortência kuti sakuonanso chifukwa chopitirizira. Iwo sanamunyengerere. Anangomufunsa kuti akasiya, oyendetsa aja amene anamukhulupirira adzakauza ndani za kutopa kwawo.

Anabwerera ku Portugal. Tsiku limene anamutcha Dotora, m'holomo munalibe m'bale wake ndi mmodzi yemwe.

Lero Rufina amaphunzitsa oyendetsa ndege ndi ofufuza ngozi, kwathu kuno ndi kumayiko ena. Akafunsidwa ngati chisoni chinatha, amayankha kuti ayi, anangophunzira kugwira nacho ntchito. Anthu amene amatera bwino m'ndege za oyendetsa amenewa sadziwa dzina lake, ndipo iye sadandaula nazo. Chomwe amafuna n'chakuti afike kwawo amoyo.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwasenza manyazi amene simunawapalamule. Mwina mwalephera mayeso, kapena amene munkafuna kuti adzakunyadireni anapita musanafike. Lirani ndithu, misozi si mlandu. Koma mukapukuta m'maso, dzukani mukapitirize pamene munalekezera. Pali anthu osakudziwani amene moyo wawo ukudikira kuti inu mumalize. Musataye mtima.