Makatani Achikasu a Chatchuka

Dzina loti Chatchuka anam'patsa ndi anzake a pashopu ya makatani, chifukwa m'mawa uliwonse abwana, asanavule n'komwe jekete, ankaima pamutu pake n'kufunsa kuti, "Chatchuka n'chiyani lero?" Moni ankabwera pambuyo, akakumbukira.

Mayiyu sanayambire pakompyuta. Anayambira pakauntala, tepi m'khosi, sizasi m'manja, ndipo kasitomala akangogwira nsalu iye ankadziwiratu ngati agula kapena wangolowa kudzathawa dzuwa. Tsoka lake linali loti tsiku lina anajambula bwino katani ina pafoni. Abwana ataona chithunzicho anati uyu ndi wa intaneti, basi n'kumuchotsa pakauntala, kukamukhazika pakona, pakati pa firiji yakufa ndi chitseko cha kuchimbudzi. Ati kumeneko kunali kukwezedwa pantchito.

Ntchito yake inali kuika zithunzi patsamba la shopu, kenako kutolera manambala a anthu amene aona, amene adina kamtima kosonyeza kuti achikonda, amene atumizira anzawo, n'kuwapereka kwa AI, pulogalamu ija umailembera funso iyo n'kukuyankha ngati munthu. Ankailembera mwaulemu ngati akupempha kanthu kwa apongozi: "Chonde ona manambalawa, undiuze makatani amene anthu ayamba kuwakonda, undiuzenso kuti anthuwo ndi otani." AI simva msana, sidziwa njala. Wotopa anali iye. Maso ankalasa, khosi linauma, ndipo chimene chatchuka Lolemba pofika Lachitatu chinali chitakalamba kale.

Kunyumba ankakhala ndi bambo ake, dalaivala wa basi wopuma ntchito, amene maso awo anachita ng'ala. Mkuluyu ankaswera pampando wapawindo, foni ataiyandikiza pamphuno, uku akudandaula kuti dziko lonse lasanduka chifunga ndipo chimene akuchionako ndi chinthu chowala kwambiri basi. Tsiku lina Chatchuka anawadandaulira kuti zithunzi zake palibe akuzidina, abwana ayamba kumuyang'ana cham'mbali. Bambowo anangoti, "Tandionetsa podina pakepo." Anawaonetsa, n'kuiwala.

Patapita miyezi AI inayamba kuimba nyimbo imodzi: makatani achikasu ndiwo akukwera, ndipo owakonda kwambiri ndi abambo achikulire. Chatchuka anakayika. Zaka zonse za pakauntala sanaonepo nkhalamba yaimuna ikusankha katani. Zinkatsala panja, manja kumbuyo, kudikira akazi awo. Anatembenuza funso uku ndi uku, koma manambala anali omwewo, yankhonso lomwelo. Akanatha kutsegula n'kuona kuti odinawo ndi ndani. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ungadekhe bwanji munthu ataima pamutu pako ndi jekete lake? Anawauza abwana zimene AI yanena.

Abwana anaona ngati atola nkhwangwa ndi mpini womwe. Anaitanitsa mabelo achikasu mpaka chipinda chakumbuyo chinakana kutsekeka, ena anasanjikidwa pamwamba pa firiji ija. Shopu yonse inasanduka yachikasu. Kenako aliyense anakhala tcheru kudikira abambo achikulire aja, ndipo sipanabwere ngakhale wosochera.

"Mayi, nkhalamba zanu zija zili kuti?" anafunsa abwana m'mawa wina, ulendo uno jekete atavula. "Kapena zikubwera wapansi?"

A pakauntala anaseka mobisa. Abwana anapitiriza.

"Mwezi uno ukatha mabelowa ali pompano, mpandowo ndidzaufuna. Ndipo musaganize za pakauntala, pali kale munthu."

Masana amenewo sanapite kukadya. Anatsegula zithunzi zachikasu chimodzichimodzi n'kumawerenga mayina. Woyamba kudina paliponse anali bambo ake. Pambuyo pawo panali mzere wa madalaivala opuma a m'gulu lawo la pafoni, ena oti anamunyamulapo ali khanda, ndipo aliyense anali atatumiziranso anzake a kutchalitchi ndi a kuchipatala cha shuga. Pa zithunzi zabuluu, zotuwa ndi zofiirira dzina la bambo ake panalibe. Sankaziona.

Anailembera AI zonsezi mokwiya. Iyo inavomera mwaulemu kuti wanena zoona, manambalawo sanali a ogula, n'kufunsa ngati pali china chimene ingamuthandize. Chatchuka anaseka kuseka kowawa. Iyo inalibe mpando woti wina aulande.

Pobwerera kunyumba mumsewu wonse ankakonza mawu. Awauza kuti asiye, awauzenso anzawowo asiye, chifukwa tsiku lililonse akadina manambala akunamabe, ndipo wolira ndi iyeyo. Madzi anali atafika m'khosi, ndipo anatsimikiza kuti lero sawanyengerera.

Anawapeza pampando womwe uja, dzuwa lamadzulo likuwawomba kumaso, foni ili pamphuno.

"Wabwera, mwanangu? Ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda, bambo."

"Iyenda basi, ilekerenji? Anyamata onse ndinawauza kuti ine ndikatumiza, inu dinani, mafunso ayi. Mwana wanga sangachotsedwe ntchito ife tili ndi zala." Anaseka monyadira, ngati mmene ankasekera kale akafikitsa basi yodzadza pa nthawi yake. Kenako nkhope inagwa pang'ono. "Koma lero sunaike kanthu, eti? Ndafufuza chiyambire m'mawa, chachikasu sindikuchipeza. Anzanga akungondiimbira kuti titani."

Chatchuka anasuzumira pafoniyo. Chithunzi chimene iye anaika m'mawa chinali pomwepo, chitadzaza galasi lonse, chikasu chowala kuposa zonse zimene anajambulapo. Bambo ake ankachiyang'ana ndithu, maso ali gwa, akudikira kuti chituluke.

Mawu onse amene anakonza mumsewu anasungunuka. Anamva chisoni chachikulu, choposa cha mpando uja. Anaika chikwama pansi n'kugwada pambali pawo.

"Ndaika mochedwa, bambo. Chatuluka pompano."

"Ndimadziwa ine! Chili pati?"

"Bweretsani chala."

Anachigwira chala chokhakhala chija, n'kuchiika pakamtima.