Amayi Anakagona pa Sitima

Chaka chimene amayi anakwera sitima yapamadzi ndi chaka chimene ndinadana ndi foni yanga. Akulu anga, amene ndi namwino ku Mangalande, anasunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti atenge amayi akaone nyanja za kumpoto, cha ku Norway. Pa zithunzi, sitimayo inkaoneka yaikulu kuposa msika wa pa Nsaru. Inkaima pa madoko angapo kuti anthu atsike m'mawa, akaone malo, akagule zinthu, madzulo n'kubwerera. Pa doko lililonse panali maulendo oti munthu asankhe n'kulipiriratu, ndipo akulu anga ankafuna kuti amayi asankhe okha. Koma amayi foni ya zithunzi saigwira, amati imaterera. Ndiye ntchito yonse inagwera ine, mwana wotsala pakhomo.

Pakhomo pathupo, pakati pa Nsaru ndi Kabudula, ntchito inalipo kale. Abambo anagwa ndi sitiroko ali m'chigafa, akupachika fodya. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, mawu nawonso anangotsala ochepa. Akafuna munthu ankagogoda ndi ndodo pa mwendo wa bedi, ndipo munthu amene ankamufuna nthawi zonse anali amayi. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, kuchapa zofunda, zonsezo amayi, chaka ndi chaka. Ine nyumba yanga ili pabwalo lomwelo ndipo ndinkathandiza ndithu, koma kuthandiza kwa munthu amene akudziwa kuti akatopa pali wina. Amuna anga ali ku Joni, amathandiza ndi mawu.

Unali mwezi wa mtedza. Ine ndi amayi tinkakhala pakhonde n'kumasenda, foni ili pa lichero, ine n'kumawerenga zimene akulu anga atumiza akaweruka ku ntchito.

"Amayi, pa doko loyamba akuti mukhoza kukwera basi kukaona mathithi. Madzi akugwa kuchokera pamwamba pa phiri."

"Ndikalipire kuti ndione madzi akugwa? Denga la khitchini limandionetsa ulere."

"Kwina kuli kabokosi kolendewera pa waya. Mumalowamo, kamakukwezani mpaka pansonga pa phiri."

"Ndalakwanji ine?"

Ndinawaonetsa msika wa nsomba, anandifunsa kuti akagula akaphikira pati. Ndinawaonetsa phiri la madzi oundana, anayang'anitsitsa n'kunena kuti anthu a kumeneko ndi a chisoni. Masiku anapita chonchi, mauthenga akungochuluka, ine mutu ukuwawa. Mpaka tsiku lina amayi anasiya kusenda.

"Kodi munthu akapanda kutsika, amamuthamangitsa?"

"Ayi, amayi."

"Chakudya amam'patsabe?"

"Akuti amam'patsa."

"Ndiye ndisankhire umenewo."

M'nyumba ndodo inagogoda. Amayi anakutumula makoko pa chitenje n'kulowa.

Akulu anga atamva, mkwiyo wonse unabwera kwa ine. "Iwe sukuwafotokozera bwino," anatero pa foni. "Ine ndikuima usiku wonse m'chipatala kuti amayi akaone dziko, ndiye iwe ukundiuza kuti akufuna kukhala m'chipinda?" Ndinafuna kuwayankha kuti abwere adzafotokoze okha, adzasendenso mtedza, koma ndinameza. Analipirabe maulendo angapo, n'kunena kuti amayi akafika mtima udzasintha. Kenako anatsitsa mawu.

"Chitupa chawo cholowera m'dziko lino chikulola kuti akhale kuno miyezi ingapo. Ndikufuna atsale akachoka pa sitima. Afooka, iwe sukuona chifukwa umakhala nawo."

Ndinkaona. Ndinkaona mmene ankagwirira msana podzuka pa mpando, ndi mmene ankawodzerera pa Misa wansembe asanafike pa ulaliki. Ine ndemwe ndinali woyamba kudandaula kuti amayi akufunika kupuma. Koma nditamva za miyezi, ndinachita mantha, ndipo mantha ake anali osakongola. Ndinkaopa kuti amayi akalawa mpumulo sadzabwerera msanga, ndipo ndodo ija idzatsala ndi ine. Kwa akulu anga ndinangoti, "Mukawafunse eni ake, asisi."

Za ulendozo zinamveka mudzi wonse, monga mwa nthawi zonse. Anthu anayamba kubwera kudzazonda abambo, ngakhale amene anali ataiwala njira ya kwathu. Ankalowa m'nyumba pang'ono, n'kutuluka, n'kukhala pakhonde nthawi yaitali. Azakhali ankafuna juzi ya ubweya weniweni. Amalume anati wotchi, koma isakhale ya batire. Azimayi a mumphakati wa kutchalitchi anapempha makorona, poganiza kuti kunja kulikonse ndi kufupi ndi ku Roma. Mlamu wanga wina sanachite manyazi, anatchula foni ndi mtundu wake womwe. Amayi onsewo ankawayankha chimodzimodzi: "Chabwino, ndamva." Anthu akapita, ankandiuza kuti ndizikumbukira ine.

Tsiku la msika ndinapita pa Nsaru kukasaka jekete ndi nsapato zotseka pa kaunjika. Ndinavundukula milu mpaka fumbi linandilowa m'mphuno. Jekete yomwe ndinapeza inali yofiira, yofufuma, ndipo amayi ataivala ana anga anagwa nacho chiseko. Ndinawafotokozeranso za ndalama za m'thumba: kuti pa sitima sagwira ndalama, amakupatsa kakhadi, ukafuna kanthu umangoonetsa, zonse zikupita kwa akulu anga.

"Ndalama yosaoneka," anatero amayi, "imatha usanaipatse moni."

Anamangabe makwacha awo pa nsonga ya chitenje. Ndinawauza kuti kumeneko sagwira ntchito. Anati munthu sayenda chimanjamanja.

Asananyamuke anandiphunzitsa zimene ndinkaganiza kuti ndikuzidziwa: pogwira powatembenuza abambo, poika pilo kuti mawondo asakhudzane, popaka mafuta kuti pasachite zilonda, ndi kagogodedwe ka ndodo. Kugogoda kwa ludzu kunali kwina, kwa chimbudzi kwina. Panalinso kugogoda kopanda chifukwa, kongofuna kudziwa ngati pakhomo pali munthu. M'mawa umene galimoto yahayala yowatengera ku bwalo la ndege inabwera, amayi analowa kukatsanzika, anakhalitsamo, n'kutuluka maso ali ouma. Galimoto ikutembenuka, ndodo inayamba. Amayi sanacheuke, koma ndinaona phewa lawo likudzidzimuka.

Walira mvula walira matope. Sabata yoyamba isanathe ndinali nditadziwa kuti kale lonse sindinkathandiza, ndinkangodutsa. Abambo ndi munthu wamkulu thupi, ndipo thupi losadzithandiza limalemera kawiri. Phala la m'manja mwanga ankalikana, maso ali ku chitseko. Zofunda sizinkauma chifukwa cha mitambo ya mwezi wa June. Mtedza unangokhala m'matumba, ogula akudutsa ndi masikelo awo pa njinga. Achibale a juzi ndi wotchi aja sanaonekenso. Ndinkati ndikakhala pansi kuti ndidye, ndodo. Ndikapita ku mjigo, kugunda kwa chitsulo kunkandimvekera ngati ndodo yomweyo, n'kutsala pang'ono kusiya ndowa. Sindinkadana nawo abambo. Ndinangotopa, kutopa kolowa m'mafupa, kumene ngakhale munthu akupatse moni umaona ngati wakutuma.

Zithunzi zinayamba kubwera. Akulu anga ataima kutsogolo kwa mathithi, okha. Akulu anga m'kabokosi ka pa waya, okha, akumwetulira mokakamiza. Jekete yofiira ija sinkaoneka paliponse.

"Amayi akungogona," anadandaula pa foni. "Kuno dzuwa sililowa n'komwe, anthu akujambula mapiri mpaka kutopa, koma iwo atseka makatani. Akadzuka adya, ayang'ana nyanja pang'ono, agonanso. Ndalama za maulendo zapita m'madzi."

Amayi anatsikako kamodzi kokha, pa tauni ina ya nyumba zamatabwa, kuti akagule juzi ya azakhali. Akulu anga atawauza mtengo wake m'makwacha, amayi anaibweza pa shelefu ndi manja awiri, mwaulemu, n'kupempha kuti awaperekeze ku sitima. Kakhadi kaja sanagulire kanthu ulendo wonse, ngakhale botolo la madzi. Katundu wa achibale anakagula atabwerera ku Mangalande, m'sitolo ya zovala zakale, imene amayi anaitcha kaunjika wokhala ndi denga.

Apo m'pamene akulu anga anandiimbiranso. "Ndawafunsa zoti atsale kuno. Angoti amva."

Ndinkalidziwa yankho limenelo, ndi lomwe anapatsa amalume. Likhoza kukhala inde, likhoza kukhala ayi. Masiku otsatirawo sindinafunse kanthu. Ndinkaopa kuti ndikalankhula ndi amayi mawu anga andiulula, ndipo adzabwerera chifukwa cha chisoni. Ndinkaopanso kuti ndikakhala chete adzaganiza kuti zonse zili bwino. Ndinkatembenuza abambo, n'kumadziuza kuti mayi wanga ali ndi ufulu wogona pa bedi lofewa mpaka mvula idzagwe. Ndinkanena zimenezo ndi pakamwa, mtima ukukana.

Amayi anabwera pa tsiku lomwe linali pa tikiti. Anatsika galimoto atavala jekete yofiira dzuwa likuswa mtengo, nkhope itadzaza, maso akuwala ngati a munthu wochira. Analowa kaye kwa abambo. Ndinamva abambo akutulutsa mawu amene ndinali ndisanawamve chichokereni amayi. Potuluka anapeza bwalo ladzaza kale.

Chikwama chinatsegulidwa pa mphasa. Azakhali analandira juzi, anaifwenkha ndi chala n'kufunsa ngati ubweya wake ndi weniweni. Amalume analandira chipewa m'malo mwa wotchi ndipo anathokoza ndi mlomo umodzi. Azimayi a mumphakati anagawana mipango. Mlamu wa foni uja anapatsidwa masokosi. Ana anga anapeza maswiti ndi malaya, abambo bulangete lofewa. Ine ndinali pambali, ndikuthira tiyi, n'kumadikira. Chikwama chinatha, amayi anachikutumula n'kuchitseka. Sindibisa, zinandiwawa. Sindinapemphe kanthu, n'zoona, koma ndinkaganiza kuti munthu wosapemphayo ndi amene amayamba kukumbukiridwa.

Anthu anabalalika chakumasana. Ndinali kutsuka makapu pamene amayi anandiitana.

"Siya zimenezo. Tiye kunyumba kwako."

Titafika pakhomo panga anatsegula kachikwama kawo ka m'manja, n'kutulutsa kachikwangwani kapepala lolimba, kotalika ngati chikhatho, kokhala ndi ngowe pamwamba. Panali mawu a Chingerezi ndi chithunzi cha mwezi.

"Aka ndi kamene ndinakaona kumeneko," anatero. "Mkulu wako akuti sindinaone kanthu, koma ine ndinaona aka. Ukakapachika pa chitseko, palibe amene amagogoda. Wokonza m'chipinda amafika, amawerenga, amabwerera. Ngakhale mkulu wako ankayenda monyang'ama. Ndinachita kupempha kwa mtsikana wa pa sitimapo, usaganize kuti ndinaba."

Ndinakagwira. Kanali kopepuka, kopindika pang'ono pa ngodya.

"Nanga bwanji simunatsale, amayi? Asisi anati mukhoza kukhala mpaka mvula."

"Ndinagona mpaka tulo tinatha. Sindinkadziwa kuti timatha. Tsiku lina ndadzuka, thupi lapepuka, kunja kuli zii, ndiye ndinadzifunsa kuti kodi ndodo ija panopa ikumveka m'makutu mwa yani." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wadzionapo pa galasi iwe?"

Chitseko changa chilibe chogwirira, chili ndi msomali umene timakolapo waya. Amayi anapachika kachikwangwaniko pa msomalipo, n'kukawongola bwinobwino.

"Lowa."

"Amayi, mwangofika kumene. Makapu aja, ndiponso zofunda zili pa chingwe..."

"Ndati lowa."

Nthawi yomweyo, kutsidya kwa bwalo, ndodo inayamba. Kunali kugogoda kuja kopanda chifukwa, kofunsa ngati pakhomo pali munthu. Miyendo yanga inanyamuka yokha. Amayi anandigwira pa mkono, ndipo dzanja lawo linali ndi mphamvu imene ndinali nditaiiwala.

"Sukuona chimene chapachikidwa apa kodi? Ameneyo akuitana ine."

Anandikankhira m'nyumba n'kukoka chitseko. Ndinakhala pa bedi osavula n'komwe nsapato. Ndinamva akuuza ana kuti akasewerere kutali, kenako mapazi awo akuwoloka bwalo, osathamanga. Ndodo inagogodabe.

"Ndabwera, ndabwera," anatero amayi chapatali. "Mukufuna muthyole bedi, inu?"

Ndodo inaleka. Ndinalira pang'ono, osadziwa kuti ndikulirira amayi kapena ine ndemwe, kenako ndinagona. Podzuka, nkhuku zinali zitalowa kale, ndipo panalibe amene anagogoda.