Medson Adagulidwa ndi Galoni Imodzi

Ku Kachulu kuli bambo ena a boti la injini, omwenso ndi eni timu ya mpira ya padoko. Osewera amawalipira matemba: chigoli chimodzi, mbale imodzi yosefukira. Malaya a bambowa amanunkha petulo ngakhale kutchalitchi, ndipo mawu awo ndi amodzimodzi: "Wosewera ali ngati injini, ukapanda kumumwetsa sayenda."

Chaka chimene petulo adakwera mtengo ku Zomba, bambowa adagula woperewera, natenga timu ulendo wa ku chilumba cha Chisi. Adapambana, wosewera wawo Medson atamwetsa zigoli ziwiri. Pobwerera, asanachoke n'komwe pagombe, injini idangotsokomola kawiri, kenako zii, petulo watha!

Eni timu ya ku Chisi anali ndi galoni imodzi ya petulo, koma makwacha adawakana. "Tipatseni Medson basi."

Bambowa adayang'ana Medson, adayang'ana nyanja, nanunkhiza galoni ija kuopa kupatsidwa palafini. "Mutengeni."

Boti likunyamuka, Medson adalithamangira mpaka madzi m'chiuno. "Bambo, mwandigulitsa?"

"Nyadira, mwana iwe!" adakuwa bambowa akuvina, chipewa chili m'mwamba. "Dzulo unali wa matemba, lero ndiwe wa petulo. Mawa ukweranso mtengo!"