Lachitatu la Mayi Zgraggen

M'nyumba yathu yosanja ku Thun, mabanja asanu ndi limodzi timachapira makina amodzi, lililonse tsiku lake. Ndandanda amasunga ndi Mayi Zgraggen, amene anakalambira ku positi ofesi, ndipo sakhulupirira munthu.

Ine ndimagulitsa tchizi pamsika, choncho zovala zimada msanga. Lachitatu, tsiku lawo, anandiimitsa pamasitepe atanyamula kaulusi kofiira.

"Bambo Imboden, epuloni yanu ndi yofiira, eti?"

"Zofiira n'zambiri, Mayi."

"Makina ndawapeza ofunda, kaulusi aka kali m'kati. Mukandinamiza, ndiuza eni nyumba akulandeni Lachisanu lanu."

"Pepani. Zinali mphindi makumi anayi zokha."

"Makumi anayi ndi zitatu," anatero. "Mkucha mudikira pakhomo mpaka mphindizo zikwane, ine ndikuchapa makatani."