Bowo Pansi pa Kabokosi Koyera

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, palibe amene anamukalipira. Anthu onse m'kantini ya fakitale ankangomuyang'ana ngati maliro akudutsa. Patebulo panali timabokosi ta fomu tisanu, toyera tija ta tekawe. Kalikonse kanali ndi bowo pansi, ngati wina wadinapo ndi chala chamoto.

Inu amene dzina lanu laipa popanda mlandu, tamvani za mayiyu.

Ankamutchula kuti Mayi a Kantini. Ntchito yake inali yotenthetsa chakudya cha antchito masana. Ena ankabwera ndi timabokosi ta fomu, ena ndi tizitini tapulasitiki tomwe kale munali majarini. Mwezi umenewo abwana anagula makina otenthetsera chakudya, maikulowevu yatsopano, yamphamvu kuposa yakale, ndipo zinthu zinayamba kudabwitsa. Timabokosi tinkatuluka titapindika, zivindikiro zili yasa. Chakudya chinkanunkha ngati tayala lopsa.

"Mumathiramo chiyani, mayi?" anafunsa kapitao, asakumuyang'ana m'maso.

"Palibe, a Kapitao. Ndimangoikamo n'kutseka."

Kumbuyo wina ananong'ona, koma mawuwo anamveka chipinda chonse: "Paja amuna awo anamwalira bwanji?"

Mwamuna wake anamwalira atadwala zaka ziwiri, iye akumusambitsa ndi kumudyetsa. Tsopano manja omwewo anthu ankawaopa. Kunyumba mlamu wake anayamba kuphika poto wakewake. Akamadutsa m'njira, amayi ankaitana ana awo kuti alowe m'nyumba. Kulikonse kumene ankakafunsira ntchito, mbiri yake inkakhala itafika kale. Nthawi zina ankangokhala n'kumayang'anitsitsa zala zake, n'kumadzifunsa ngati muli kanthu kamene iye mwini sakukadziwa.

Koma m'mawa uliwonse ankadzukabe, n'kukagogoda pakhomo lina.

Potsiriza bambo wina wokonza zamagetsi anamulemba ntchito yosesa. Bamboyo anali wogontha ndithu, choncho miseche inkangomudutsa. M'shopu mwake munali mamaikulowevu akufa osanjikizana mpaka kudenga. Mayiyo akamasesa, nkhope yake inkamutsatira pagalasi lakuda la iliyonse.

Tsiku lina masana ali yekha, analimba mtima. Anatenga kabokosi koyera ka fomu momwe munali mpunga ndi nyama yamafuta, n'kukaika m'maikulowevu imene bamboyo anali atangoikonza. Nthawi ino sanatembenuke kukachita zina. Anawerama n'kusuzumira pagalasi.

Getsi lachikasu linayaka m'kati. Kabokosi kanayamba kuzungulira pang'onopang'ono. Kenaka kanagwedezeka kokha. Ngodya imodzi inakwinyika, chivindikiro chinatukuka ngati pakamwa pofuna kunena kanthu. Pamene panadikha mafuta, fomu inafewa n'kumira. Manja ake anali kumbuyo, sanakhudze kanthu.

Wokonza zamagetsi anamupeza akusuzumirabe pagalasi. Anatenga kabokosiko, n'kukanunkhiza.

"Mwaona mzukwa, mayi? Mafuta amatentha kuposa madzi owira, ndiye fomu iyi sipirira. Pulasitikinso yambiri n'chimodzimodzi. Ngati pansi pake sanalembe kuti n'chololedwa m'maikulowevu, khuthulirani m'mbale yagalasi. Basi."

Mayiyo anakhala pansi n'kulira. Miyezi isanu ndi iwiri akuopa manja ake!

Anabwerera kufakitale. Mlonda anamubweza katatu. Ulendo wachinayi anaima pageti kuyambira m'mawa mpaka belu la masana, kapitao n'kutuluka.

"Sindikufuna ntchito, a Kapitao. Ndingopempha chimodzi. Chakudya chanu mutenthetse nokha, ine ndiime pakhomo."

Anthu anadzaza m'kantini. Chichokereni iye, aliyense ankadya zozizira, makinawo ataphimbidwa ndi nsalu ngati mtembo. Kapitao anavundukula, anaikamo kabokosi kake, anadina batani. Makina atalira, anatulutsa kabokosiko n'kukakweza m'mwamba. Msuzi unadontha pabowo.

Mayiyo analankhula ali pakhomo pomwepo, motsitsa mawu.

"Ine sindinayandikire. Tsono ndifunse. Fomu imene yasowa pabowopo yapita kuti?"

Kapitao anayang'ana bowolo, kenaka anayang'ana mpunga wake. Anauika patebulo pang'onopang'ono. Mtsikana wina woyembekezera, wa kumakina osokera, anakankhira kutali kachitini kake.

"Mayi, tinakulakwirani," anatero kapitao, chipewa chili m'manja. "Bwererani."

Sanabwerere. Anayamba kuphika kunyumba n'kumabweretsa chakudya pageti m'mbale zagalasi zovindikira, madzulo n'kudzazitenga. Poyamba zinali mbale zisanu ndi imodzi, ndipo ziwiri zinasweka sabata yoyamba. Mikono inkapweteka, galasi ndi lolemera. Ena ankamulambalalabe. Iye ankabwerabe.

Lero ali ndi malo akeake odyera, ndipo analemba ntchito amayi asanu ndi atatu. Watsopano aliyense, asanagwire mpeni kapena poto, amayamba waphunzira kutembenuza chotengera n'kuwerenga pansi pake.

Mwina nanunso akukunenerani zimene simunachite, mpaka mwayamba kudzikayikira. Musathawe chimene chikukuopsanicho. Weramani, chiyang'anitsitseni, funsani amene akudziwa. Ndipo mawa kukacha, dzukaninso. Mtima wanuwo musautaye.